Munda uli ndi mtengo wanji? Mafunso ndi mayankho pa zogula, kugulitsa ndi kubwereketsa minda kumudzi

Tikafunsidwa pagulu, tonse timayankha mofanana: malo a makolo sagulitsidwa. Koma ukafika mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana, ndalama zimayenda m'midzi chifukwa cha minda. Uyu wabwereketsa ekala, uyo wapinyolitsa dimba, winayo wagulitsiratu chigawo cha kumunsi kwa msewu. Akatswiri a zachuma akhala akulondola malonda amenewa kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zikukhudza aliyense wogwira khasu, ngakhalenso wa m'tauni amene mayi ake ali kumudzi.

Kodi kumudzi kulidi msika wa minda, poti malo ali m'manja mwa mafumu?

Ulipo, kungoti ulibe mashedi kapena tsiku lake la msika. Akatswiri akamati msika wa malo amatanthauza njira iliyonse imene munda umachokera kwa munthu uyu kupita kwa wina polipira: lendi ya chaka chimodzi, pinyolo, kapena kugulitsa kwenikweni. Pa zitatuzi, imene yafala kwambiri kuno ndi lendi. Mlimi amalipira ndalama yonse asanayambe kusosa, alima dzinja limodzi, akakolola pangano latha. Ku Ethiopia alimi ambiri amagawana zokolola ndi mwini munda, koma ife kuno timakonda ndalama pamanja.

Chimene chabala msikawu ndi kuchulukana. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, wa 2008 anapeza 13 miliyoni, ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Nthaka ndi yomwe ija. Kale mnyamata akakwatira, amfumu ankangoloza tchire n'kunena kuti "tema apo". Lero m'midzi yambiri ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Lilongwe tchire lolozalo palibe, ndipo mabanja ambiri amalima malo osafika hekitala imodzi, yomwe ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Chinthu chikasowa, mtengo umabadwa wokha, lamulo lilole kapena lisalole.

Nanga ofufuzawo amadziwa bwanji mitengo, pomwe anthu amachita zimenezi mwakachetechete?

Gwero lalikulu ndi kafukufuku wa mabanja amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita mothandizana ndi World Bank. Anachitika mu 2004/05, 2010/11, 2016/17 ndi 2019/20, ndipo pa munda uliwonse amafunsa kuti munaupeza bwanji: cholowa, mphatso ya amfumu, kugula kapena lendi. Amafunsanso ndalama imene munalipira. Kumene kugulitsa n'kosowa, amafunsa mlimi kuti atati agulitse lero angauze anthu ndalama zingati.

Njirayi ili ndi mavuto ake. Loyamba ndi muyeso. "Ekala" ya kumudzi nthawi zambiri ndi ya m'maso kapena ya mapazi. Ofufuza atayamba kuzungulira minda ndi makina a GPS anaona kuti eni timinda ting'onoting'ono amakonda kukuza malo awo pakamwa, pomwe eni minda ikuluikulu amaichepetsa. Munthu angalipire lendi ya ekala yathunthu pamalo amene sakukwana n'komwe.

Vuto lachiwiri ndi limene limandikhudza kwambiri. Pa kafukufuku wotere, anthu ovomera kuti anabwereka munda amachuluka kuposa ovomera kuti anabwereketsa. Masamu ake sagwirizana, chifukwa munda uliwonse wa lendi uli ndi mwini wake. Eni minda ena amabisa poopa kuti abale kapena amfumu anena kuti "ngati sukuulima, ubweze". Ena amachita manyazi. Choncho mawu a munthu amene wapereka munda wake ndiwo amamveka pang'ono m'mabuku a akatswiri.

N'chiyani chimakweza kapena kutsitsa mtengo wa munda?

Mlimi aliyense amadziwa kale mayankho ambiri. Dimba la m'dambo lokhala ndi madzi chaka chonse silingafanane ndi munda wa kumtunda wodalira mvula. Nthaka ya makande kapena katondo wachonde siifanana ndi mchenga umene kaufiti wamanga nthenje. Munda wa m'mbali mwa tala, umene galimoto ya mavenda imafika, umaposa wa kuseri kwa phiri.

Akatswiri anangoziika m'ndondomeko. David Ricardo wa ku England analemba mu 1817 kuti lendi ya munda imachokera pa kusiyana kwa chonde: munda wabwino umalipiritsa chifukwa umabereka kuposa munda woipitsitsa umene anthu akulimabe. Johann von Thünen wa ku Germany anaonjezera mu 1826 kuti mtunda wopita kumsika nawo umadya phindu, ndiye malo oyandikira mzinda amakwera. Ofufuza a lero amatenga minda mazanamazana, n'kusiyanitsa kuti pa mtengo wonse, gawo lobwera ndi madzi ndi liti, la msewu ndi liti, la nthaka ndi liti.

Pali lamulo lina losavuta lolumikiza lendi ndi mtengo wogulira. Tingoyerekeza: munda umene umabweretsa lendi ya K100,000 pachaka, pamene ndalama yosungidwa kwina ingapindule K20 pa K100 iliyonse, uyenera kugulidwa pafupifupi K500,000. Mukaona munda ukugulitsidwa kuwirikiza kambirimbiri kuposa pamenepo, dziwani kuti wogulayo sakuwerengera chimanga. Akuona mapuloti, nyumba za lendi, kapena akungothawitsa ndalama zake ku kugwa kwa kwacha. N'zimene zikuchitika m'midzi yozungulira Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, komanso m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ndi Salima.

Amene amabwereka minda ndi ndani, ndipo obwereketsa ndi ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'maiko ambiri, mwini malo ndi wolemera ndipo wobwereka ndi wosauka. Mbiri yathu ya thangata m'maesiteti a atsamunda, imene inathandiza kuutsa John Chilembwe mu 1915, inali yotero. Koma m'midzi ya lero zinthu zatembenuka.

Jordan Chamberlin ndi Jacob Ricker-Gilbert anafalitsa mu 2016 kafukufuku woyerekeza Malawi ndi Zambia. Anapeza kuti lendi yafala kwambiri ku Malawi kuposa ku Zambia kumene malo akadalipo, komanso kuti imasamutsa minda kupita kwa alimi odziwa kulima bwino ndi amene ali ndi manja ambiri koma malo ochepa. Obwereka ankaoneka kuti akupindula. Za eni minda phindu silinkaoneka bwino. Pofuna kumvetsa, Ricker-Gilbert ndi anzake, kuphatikizapo Charles Jumbe wa ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ndi Rodney Lunduka, anachita chinthu chimene ena sankachita: akapeza wobwereka, ankafunafunanso mwini munda womwewo n'kucheza naye. Zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Obwereka anali olemererapo pafupifupi pa chilichonse, kuyambira katundu wa m'nyumba mpaka maphunziro. Eni minda ambiri ankabwereketsa chifukwa chofuna ndalama yamsangamsanga, kapena chifukwa chosowa mphamvu ndi zipangizo zolimira.

Ndinaziona ndi maso kwa azakhali anga. Chaka china mdzukulu wawo anadwala mu Okutobala, nkhokwe ili pansi, feteleza alibe. Kunabwera bambo wina wa pa sitolo panjinga yamoto, anayenda m'malire mwa munda akuwerenga mapazi, n'kutchula ndalama. Azakhali sanatsutse, anangoti, "Bambo, onjezerani pang'ono, mwanayu akufunika thiransipoti ya kuchipatala." Anaonjezeradi pang'ono. Ndalamayo inatha sabata ziwiri zisanakwane. Mu Januwale ndinawapeza akupalira m'munda wawo womwewo, pa ganyu, kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Chimanga chinali chobiriwira bwino, chothiridwa feteleza kawiri, kuposa mmene chinkakhalira m'manja mwawo. Wowerenga zokolola za dziko akanalemba kuti munda uja wapindula. Sakananama. Koma mtengo umene unalipidwa tsiku lija sunali wa nthaka, unali wa matenda a mwana.

Ndiye kuti kubwereketsa minda n'koipa, kuletsedwe?

Ayi, ndipo ndikunena izi motsimikiza. Mukaletsa lendi, gogo amene sangathe kulima ekala ziwiri adzangozisiya thengo, kapena adzazigulitsiratu. Wachinyamata amene kwawo minda inatha kugawidwa adzasowa polowera ulimi. Lendi ndi khomo la achinyamata ambiri ndi obwera, ndipo mwini munda amatsala ndi malo ake chaka chikatha, zimene kugulitsa sikumusiyira.

Akatswiri ena amapita patali. Diego Restuccia ndi Raül Santaeulàlia-Llopis anagwiritsa ntchito kafukufuku wa 2010/11 kunena kuti zokolola za Malawi zikanakwera kwambiri minda ikanakhala m'manja mwa alimi aluso koposa. Anzawo ena anawatsutsa kuti mbali ina ya kusiyana kwa alimi ndi zolakwika pa muyeso, mvula ya chaka chimenecho ndi matenda, osati luso lokha. Ine ndimaima pakati: msika wa lendi ndi wofunika, koma vuto lake lili kunja kwa munda. Munthu akanakhala ndi kwina kopeza ndalama ya chipatala kapena fizi, kupatula katapila, sakanapereka munda wake pa mtengo wa msangamsanga.

Bwanji minda ya lendi imaguga msanga?

Chifukwa pangano ndi la dzinja limodzi. Feteleza wa m'thumba amabweza ndalama chaka chomwecho, ndiye wobwereka amathira. Manyowa, akalozera, udzu wa vetiva ndi mitengo ya nthaka monga gliricidia ndi msangu zimabweza patapita zaka, ndiye sazilabadira. Alimi ena amaopanso kuti akaukonza bwino munda, mwini wake aulanda chaka chamawa kapena akweza lendi. Stefania Lovo, pa kafukufuku wake wa 2016 wokhudza Malawi, anapeza zomwezi: mapangano aafupi amachepetsa ntchito yoteteza nthaka. Mwini munda naye amaopa pangano lalitali, poti munthu akalima malo zaka zisanu amayamba kuwatcha ake. Mantha a mbali ziwirizi amathera pa nthaka.

Chikamwini ndi chitengwa zimalowapo bwanji?

Zimalowapo kwambiri, chifukwa zimanena kuti mwini mawu pa munda ndani. Kumene kuli chikamwini, monga madera ambiri a kumwera ndi pakati, munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana aakazi, ndipo mwini mbumba ndiye amayang'anira. Kumpoto, ndi ku Nsanje ndi mbali zina za Chikwawa, kumene kuli malowolo, munda umatsata abambo. Frank Place ndi Keijiro Otsuka analemba mu 2001 kuti mwamuna wokhala kwa mkazi amazengereza kuika chuma chake m'munda umene angausiye banja likatha. Rodney Lunduka ndi Stein Holden anaonanso kuti kukhala pamudzi pako kapena pamudzi pa mnzako wa banja kumasintha mmene umalowera pa msika wa lendi.

Koma tisafulumire kunena kuti chikamwini ndicho cholepheretsa chitukuko. Pauline Peters, amene anatsata mabanja a ku Zomba kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1980, anachenjeza kuti m'chikamwini amayi ali ndi mphamvu yeniyeni pa minda, ndipo kulembetsa malo m'dzina la "mutu wa banja" kungawalande chimene anali nacho kale. Anaonetsanso kuti minda ikamachepa, mikangano imabuka pakati pa ana a amayi apachibale, mbumba n'kugawikana, ena n'kuyamba kutchedwa obwera pamudzi umene anabadwira.

Mitengo ya minda ikukweradi, kapena ndi kwacha imene ikugwa?

Zonse ziwiri, ndipo kuzilekanitsa ndi ntchito yoyamba ya wofufuza. Kwacha inagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lendi ikawirikiza kawiri pamene thumba la feteleza lawirikiza katatu, mwini munda wabwerera m'mbuyo ngakhale ndalama za m'manja zachuluka. Njira yabwino kwa mlimi ndi imene agogo athu ankagwiritsa kale ntchito: werengani m'matumba a chimanga. Lendi ya ekala inkagula matumba angati zaka zisanu zapitazo, ndipo lero ikugula angati, pa mwezi womwewo wa chaka?

Anthu a m'tauni amene akugula minda kumudzi akusintha chiyani?

Kafukufuku wa Ward Anseeuw, Thomas Jayne, Richard Kachule ndi mnzawo, amene anacheza ndi alimi 300 a minda yapakatikati ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe mu 2014, anapeza kuti malo a alimi oterewa anatsala pang'ono kuwirikiza kawiri pakati pa 2000 ndi 2015. Opitirira theka pang'ono anali alimi ang'onoang'ono amene anakula okha. Otsalawo ambiri anali a m'tauni: ogwira ntchito m'boma, a bizinesi ndi ena a malipiro apamwezi amene analowa ulimi ali akuluakulu kale.

Amabweretsa zabwino zina: mathirakitala a hayala, ganyu, ogula soya ndi mtedza amene amafika mpaka pamudzi. Koma munthu wa malipiro akamapikisana ndi mnyamata wa pamudzi pa munda umodzi, wopambana amadziwika kale. Ndipo ambiri mwa malowa anali a makolo, anachoka m'manja mwa mudzi kudzera mwa amfumu kapena wachibale mmodzi amene anasainira onse. Ife a m'tauni amene timatumiza ndalama kuti "mundipezereko malo kumudziko" tili m'nkhani imeneyi, tisadzichotsemo.

Nanga maesiteti aja, sangathetse njala ya malo?

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, malo ambiri a makolo anasandutsidwa maesiteti a lizi, makamaka chifukwa lamulo linkaletsa alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Ofuna kulima bale ankayenera kukhala ndi esiteti. Klaus Deininger ndi Fang Xia a ku World Bank ataunika mabuku a malizi ndi zithunzi za m'mlengalenga, anapeza kuti malizi ochuluka anatha nthawi osakonzedwanso, gawo lalikulu la malowo silikulimidwa, ndipo boma likutaya ndalama za lendi ya nthaka.

Dziko lino linayesapo kugwiritsa ntchito msika pogawa malo otere. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, kuyambira 2004 mpaka 2011, inathandiza mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula malo a maesiteti kwa eni ofuna kugulitsa, makamaka ku Machinga ndi Mangochi. Banja lililonse linkapeza pafupifupi mahekitala awiri. Ofufuza amene anawatsata anapeza kuti zokolola ndi chakudya zinachuluka. Chimene chinatsalira ndi madzi, sukulu, zipatala ndi misika kumalo atsopanowo. Munda wotsika mtengo nthawi zambiri umatsika chifukwa uli kutali ndi zonsezi.

Malamulo atsopano a malo akutipatsa satifiketi. Kodi ikweza mtengo wa munda wanga, ndipo banki indipatsa ngongole?

Malamulo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, amalola munthu kapena banja kulembetsa malo a makolo. Ntchitoyi imadutsa m'komiti ya malo ya kwa gulupu, imene wapampando wake ndi gulupuyo, ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Kuyesera koyamba kunachitika ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Aka si koyamba kulembetsa minda kuno: lamulo la 1967 linabweretsa kalembera wa malo a mabanja, wa ndunda, kumadzulo kwa Lilongwe, koma sanafalikire dziko lonse.

Za ngongole musayembekezere zambiri. Kenya inayamba kupereka mapepala a minda m'ma 1950, koma ofufuza anapeza kuti alimi ang'onoang'ono ambiri sanapeze ngongole chifukwa cha pepalalo. Banki siifuna chikole cha theka la ekala limene singathe kugulitsa pakati pa mudzi wa eni ake. Phindu limene laoneka bwino ndi lina. Ku Tigray, m'dziko la Ethiopia, kumene anapereka masatifiketi otsika mtengo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Stein Holden, Klaus Deininger ndi Hosaena Ghebru anapeza kuti eni minda, makamaka amayi oyang'anira okha mabanja, anayamba kubwereketsa mopanda mantha olandidwa. Mayi wamasiye amene ali ndi pepala angathe kusankha wobwereka amene akulipira bwino, m'malo mopereka kwa mlamu wake chifukwa choopa. Kwa ine, phindu limeneli ndi lalikulu kuposa ngongole.

Choopsa chili pa tsiku lolembetsa. Dzina limene lalowa m'buku ndilo lidzakhale ndi mawu pa mundawo. Ngati alongo ali ku Johannesburg, kapena ana amasiye akadali aang'ono, ndipo palibe wowayankhulira, satifiketi idzakhomerera kulandidwa kwawo.

Ndikufuna kubwereketsa kapena kubwereka munda chaka chino. Ndichite chiyani kuti ndisapwetekeke?

Ngati ndinu mwini munda, yambani kufunsa mitengo mukangokolola, nkhokwe ikadali ndi kanthu, osati mvula itagunda kale. Funsani anthu atatu kapena anayi amene anabwereketsa chaka chatha m'dera lanu, pa nthaka yofanana ndi yanu. Musabwereketse munda wonse ngati mungathe kusunga chigawo cha chakudya. Ngati vuto ndi la ndalama yochepa, yesani kaye ku banki m'khonde musanapereke ekala. Pinyolo muziope koposa, chifukwa ngongole ikakhala yosabwezedwa zaka zingapo, munda umapita osagulitsidwa n'komwe.

Ngati ndinu wobwereka, yezani malowo. Mafoni ambiri a masiku ano amatha kuyeza munda mukauzungulira, ndipo alangizi a zaulimi angakuthandizeni. Funsani ngati amene akukupatsani mundayo ndiye mwini mawu, kapena pali atsibweni ndi alongo amene sanamve. Anthu ambiri alimapo munda n'kuthira feteleza, kenako n'kupeza kuti walipiridwa ndi anthu awiri.

Nonse awiri lembani pangano, ngakhale papepala la m'kope la mwana wa sukulu: maina, malire, ndalama, zaka zingati, mbewu yanji, mitengo ya m'munda ndi mapesi n'za yani. Pakhale mboni ya mbali iliyonse, ndipo amfumu adziwe. Ngati mukukhulupirirana, pangani zaka zitatu m'malo mwa chimodzi, lendi yake yowerengedwa m'matumba a chimanga ndi kulipidwa chaka ndi chaka, ndipo mulembemo kuti wobwereka athira manyowa ndi kusamala akalozera. Aliyense asunge pepala lake, lachitatu likhale kwa amfumu.